Amene anapha Sitima si amalume ako

Limbani mwana wanga,

Moni wautali lero ndilibe. Tili moyo, bambo ako ali moyo, Kabango, ng'ombe yathu yotsalayo, wadzuka ndipo akudya. Koma ndikulemba mothamanga, ndiye ukaona zilembo zikukwera phiri usati mayi ako aiwala sukulu. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi ya masana kuti akaisiye kwa achemwali ako Esinati ku Boma, kumene wathawirako. Dzulo ndinapita pagolosale kukaimba foni, Esinati nkundiuza kuti wakana kuilandira. Chabwino. Pepalali uliwerenga ndithu, chifukwa ndakuuzira mlongo wako kuti akhale pakhomo mpaka ulimalize.

Ndinali nditakonza malangizo ena a ulendo wako wa mawa wopita kusukulu ya zaulimi ku Lilongwe. Ndimati ndikuuze za atsikana, za mowa, ndi za kolala ya shati imene umaichapa ngati ukuiopa. Zonsezo zathawa m'mutu. Chatsala ndi chimodzi, ndipo uchimve bwino: amalume ako sanaphe Sitima. Ng'ombe yathu sinapatsidwe poizoni ndi munthu aliyense. Iwe unakagalauza ndi khasu nazale ya fodya ya munthu wosalakwa, mkazi wake akuona. Usanapite kusukuluko ndikufuna ubwere kuno ukagwade pakhomo pawo.

Unachoka Lachitatu m'mawa alangizi a ziweto asanafike, choncho nkhani uli nayoyo ndi theka chabe. Ndiyambire pamene tinaonera limodzi. Lachiwiri bambo ako anaweruka ndi ngolo kotuta mitengo ya chigafa, dzuwa la Okutobala likung'amba nthaka. Anamasula ng'ombe zonse ziwiri, Sitima ndi Kabango. Masana atapendeka tinangoona Sitima, chimphona chija chimene chimakoka ngolo yodzadza osatembenuka, chikudzandira ngati chidakwa cha kumsika. Chinayamba kupuma mwawefuwefu, malovu chuchuchu, kenako khu, pansi. Ndinagwira makutu ake, anali ozizira dzuwa lonse lija. Amuna anathamangira mipeni kuti aizinge isanafe yokha, tipulumutseko nyama. Mpeni utalowa, magazi anatuluka oderako, a mtundu wa tsamba louma la fodya wa bale. Ine ndakula ndikuona ng'ombe zikuphedwa, koma magazi otero sindinawaonepo. Tonse tinabwerera m'mbuyo, kukamwa yasa, ndipo palibe anafunsanso za nyama.

Cholakwa changa choyamba chinatuluka pakamwa. Munthu wina kumbuyo ananong'ona kuti apa pali dzanja la munthu, ine nkulandira mawuwo ndi manja awiri. Ndinakuwa kuti, "Tiona uja ndi ameneyu!" Ndinanena iwe uli pambali panga, ndikudziwa bwino lomwe kuti mtima wako wapachala unautengera kwa ine. Ukukumbuka chiyambi chake. Chaka chatha kuponi ya feteleza wa fodya inatuluka m'dzina la bambo ako, a komiti nkutiuza kuti thumba limodzilo tigawane ndi amalume ako. Tinagawana ndi ndowa, iwo nkumati ndowa zawo ndimazisefula ndi dzanja pamene zanga ndikuziunjika. Tinanyozana mpaka anthu kutuluka m'nyumba. Mwezi uno polemba mayina a makuponi atsopano dzina lawo silinaonekenso, ndipo anadutsa pakhomo pathu akuti, "Idyani nokha, tiona." Mawu amenewo amanena munthu aliyense wokwiya kuno ku Kaluluma. Ine ndemwe ndawanena kambirimbiri, ndipo palibe nkhuku ya munthu inafapo. Koma tsiku limenelo ndinawatola nkuwaika m'manja mwako. Limbani, ukadzaona chinthu chodabwitsa, tseka kaye pakamwa.

Zimene unachita iwe sindinazione ndi maso, koma azakhali ako, akazi awo a amalume, andifotokozera akulira. Akuti unafika kudimba kwawo dzuwa lisanalowe, iwo ali ndi kheni m'manja akuthirira. Unachotsa udzu wophimba mabedi, nkuyamba kugalauza mbande bedi ndi bedi. Iwo akuti, "Limbani, mwana wanga, wapenga kodi?" Iwe nkuti, "Mukawauze amuna anu kuti nawonso aone." Ine nditamva usiku womwewo kuti wachita zimenezo, ndikuuze zoona, sindinakudzudzule. Mumtima ndinati wachita zachimuna.

Alangizi anafika Lachitatu dzuwa litakwera, panjinga yamoto yawo yotsokomola ija. Bambo ako ndiwo anakawaitana, kuti atilembere umboni wa poizoni tikatule mlandu. Anayang'ana nyama, anasuzumira m'chifu, anatsegula kukamwa kwa Kabango nkuona nkhama zake, iye nthawi imeneyo ataimirira koma miyendo ili gwedegwede. Sanafunse kuti tinayambana ndi ndani, ngakhale ine ndinali nditayamba kale kuwalakatulira mbiri yonse ya ndowa. Anandidula nkufunsa bambo ako kuti, "Ng'ombezi dzulo zinamwa kuti?"

Bambo ako anati, "Kudimba, m'diramu lodula lija. Ndinapeza mayiwa atatungiramo kale madzi."

Ndinati, "Diramu liti? Inu, diramu liti?" Iwo nkumandiyang'ana ngati ndafunsa dzina lawo.

Cholakwa changa chachiwiri ndi chimenecho, ndipo mudzi wonse ukuchidziwa tsopano. Ukudziwa mmene timachitira kuno chibwerere feteleza wa makuponi, kuti ngakhale kambewu kamodzi sikatayika. Matumba akatha timawakutumula, kenako timawatsukuluza m'madzi, madziwo nkuthirira mbande za kunazale kuti zibiriwire. Amatero aliyense, ngakhale akazi a abusa. Ine ndinali nditabisa feteleza wina wa chaka chatha, wobereketsa fodya uja timati kani, pansi pa thumba kuseri kwa nkhokwe. Ananyowa ndi chinyezi nkuumbana chibuma chimodzi cholimba ngati mwala. Lachiwiri m'mawa ndinachinyamula kupita nacho kudimba, nkuchiviika chonse m'diramu kuti chisungunuke, madzulo ndidzasakanize ndi madzi ambiri pothirira. Ndinasankha diramu limenelo chifukwa ndilo lalikulu. Sindinavundikire, sindinauze munthu, ndinapita kukaona wodwala pamodzi ndi amayi a kumpingo. Bambo ako podutsa ndi ng'ombe zaludzu anaona madzi oyera mbee, nkuganiza kuti mkazi wawo wawakomera mtima. Iwo sanadziwe za feteleza, ine sindinadziwe kuti ng'ombe zinadzera kudimba. Tinagona m'nyumba imodzi aliyense atanyamula theka lake la nkhani, tikutukwana munthu wina.

Tinapita nawo kudimba alangiziwo. Madzi anali atatsala pansi penipeni, m'mbali mwa diramu muli zoyera zouma, thumba lili poteropo pamene ndinaliyanika. Sitima ndiye anamwa kwambiri, pajatu sankalola mnzake kuyandikira iye asanakhute. Kabango anapulumukira kuponderezedwa. Ine ndinangokhala pansi pamatope pomwepo, chitenje changa cha kumpingo ndili nacho m'chiuno. Ndinati, "Koma alangizi, fetelezayu si chakudya cha mbewu? Chimanga chimadya, ife nkudya chimangacho. Angaphe bwanji ng'ombe yonse ija?"

Ndikulembera mmene anandiyankhira, chifukwa iwe ukupita kukaphunzira zomwezi, ndipo ukapeza kuti mayi ako anasokoneza pena udzandikonze. Anati mitsempha imene magazi amayendamo si mapaipi ouma ayi, ili ndi minofu yakeyake, imatha kufinyika ndi kumasuka. Mkati mwa mitsemphamo thupi limapanga lokha kampweya kochepa kwambiri, dzina lake anati nayitiriki okusaidi. Ndinawauza abwereze mpaka nditaligwira. Kampweya kameneka ndi kamene kamauza mtsempha kuti masuka. Sitima akamakoka ngolo pachitunda, miyendo yake imafuna magazi ambiri, ndiye kampweyako kamatsegula mitsempha ya m'miyendomo kuti magazi adutse mokwanira. Kakagwira ntchito yake kamazimirira msanga, mtsempha nkubwerera mwakale. Anati zili choncho mwa ng'ombe, mwa mbuzi, mwa galu, ngakhale mwa ine ndi iwe.

Ndinati, "Ndiye ndi kabwinotu." Iwo anati ndi kabwino kakamabwera pang'onopang'ono, pamalo pamene kakufunika. Koma m'chifu cha ng'ombe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzu. Feteleza wa mtundu uwu akalowa wambiri nthawi imodzi, tizilomboto timamusandutsa mankhwala ena amene amalowa m'magazi nkuchita zoipa ziwiri. Choyamba, amawononga magazi kuti asathenso kunyamula mpweya umene nyama ikupuma, nchifukwa chake anaderako ndipo Sitima ankapuma ngati wathamanga ali chigonere. Chachiwiri, amabala kampweya kaja kochuluka thupi lonse, mitsempha yonse nkumasuka pakamodzi. Anatola paipi ya pampu yathu yopalasa ija nkundionetsa. Anati ukafinya kukamwa kwa paipi madzi amafika patali, koma ukawatsegulira mumngalande waukulu amangoyandama opanda mphamvu. Magazi a Sitima anali omwewo, mtima unali kupopa ndithu, koma njira zinakula zonse, mphamvu yowakankhira kumutu inatha. Nchifukwa chake anadzandira, makutu nkuzizira, mpaka kugwa.

Apa ndinamvetsa ndi thupi langa, chifukwa cholakwa changa chachitatu iwe unachiona ndi maso, ndipo unaseka mpaka misozi ngakhale unkabisa. Ukukumbuka atandipeza ndi bipi kuchipatala, anamwino anandiuza kuti mitsempha yanga ndi yofinyika, magazi akudutsa mokakamiza, ndipo anandipatsa timapiritsi toimasula. Ine nzeru zanga zija, nditaiwala kumwa masiku angapo m'nyengo yothyola fodya, ndinati ndibweze zonse tsiku limodzi. Ndinamwa Lamulungu m'mawa, nkupita kutchalitchi. Titaimirira kuti tiimbe, m'maso munada bii, ndinadzidzimuka ndili pansi pa benchi, duku lili kwina, amayi akundikupiza ndi mabuku a nyimbo. Ena anayamba kale kunena kuti ndaponderezedwa ndi mizimu yoipa. Anamwino anandikalipira ngati mwana, kuti ndinatsegula mitsempha yonse pakamodzi magazi nkulephera kukwera kumutu. Nditawauza alangizi nkhani imeneyi anagwedeza mutu, akuti mankhwala ndi osiyana koma kugwa kwake nkomweko. Anatinso alipo odwala mtima amene amaika kapiritsi pansi pa lilime chifuwa chikawagwira, ndipo kapiritsiko kamagwira ntchito pobala kampweya komweko kamene kanagwetsa Sitima. Ine ndinangogwira pakamwa. Chinthu chimodzi chomwecho, wina chikumupulumutsa, ng'ombe yanga chikuipha, kusiyana kwake kuchuluka basi.

Ndiye tamvera, iwe amene ukukakhala mlangizi wa ziweto za anthu. Tsiku lina udzafika pakhola pamene pagwa ng'ombe, ndipo udzapeza mayi ngati ine atakonza kale dzina la wolakwa, akulitchula mokweza, abale ake akuvomereza. Adzakhala wotsimikiza kuposa abusa paguwa. Usadzamumvere msanga. Udzafunse kuti yadya chiyani, yamwa kuti, anaimasula ndani, anatunga madzi ndani. Udzafunse mwamuna payekha, mkazi payekha, chifukwa m'nyumba zathuzi timagona pamphasa imodzi osauzana zimene manja athu agwira masana. Ndikubwerezanso, funsa kuti yamwa kuti. Funso lalifupi limenelo likanafunsidwa Lachiwiri, nazale ya amalume ako bwenzi ili chiimire.

Ndipo ukadzabwera patchuthi udzawauze anthu za madzi otsukuluzira matumbawa, chifukwa ine ndayamba kale ndipo ena akundiseka. Mayi wina dzulo wandiuza kuti iye wakhala akutero zaka zonsezi, mbuzi zake zili gwa. Ndamuyankha kuti nanenso ndimatero, mpaka Lachiwiri. Feteleza tikumusunga m'nyumba zogona, pafupi ndi gaga wa nkhumba, m'mabeseni osambitsira ana, chifukwa tinamuvutikira pamzere ndipo timamuona ngati shuga. Palibe anatiuzapo pogawa makuponi kuti ng'ombe yaludzu imamwa madzi ake osanyinyirika. Nyama ya Sitima takwirira kuseri kwa khola, alangizi analetsa kuti asadye munthu kapena galu. Bambo ako anakumba okha dzenje, anakana kuthandizidwa, ndipo chikwirire sanandinenepo liwu loipa ngakhale limodzi. Bola akanandikalipira.

Usaganize kuti ndikukutula katundu wanga. Diramu ndi langa, pakamwa ndi panga, ndipo ndavomera pamaso pa anthu. Koma khasu linali m'manja mwako, Limbani. Ngakhale amalume ako akanakhala kuti anaphadi ng'ombe, mbande zinalakwa chiyani? Iwe wakulira m'fodya, ukudziwa kuti nazale yofesa mochedwa chonchi siipeza mvula yoyamba. Munthu uja alibe ngolo, alibe ng'ombe, kuponi chaka chino alibe. Mabedi aja ndiwo anali chaka chake chonse, ndi yunifolomu ya ana ake, ndi malata amene wakhala akuwalota chikwatire. Sukulu imene ukupitayo ikuphunzitsa za mitsempha ya ng'ombe, koma kupepesa sikakuphunzitsa. Kumeneko uyenera kuchita usananyamuke, chifukwa ukakakhala miyezi uli duu, udzabwera uli ndi manyazi okhwima, udzayamba kuzungulira njira ya kuseri kwa tchalitchi kuopa kudutsa pakhomo pawo. Ndawaona anthu akufika mpaka pamaliro asanalankhulane, nkumakalira mokweza kuposa onse.

Lero m'mawa ndinapita kwa amalume akowo pamodzi ndi bambo ako. Tinawapeza kudimba, atawerama, akutola mbande imodziimodzi m'dothi limene unagalauza, kuyang'ana ngati muzu ulipo, nkuibzalanso ndi chala. Ndinagwada pamatope. Ndinati, "Achimwene, ndalakwa ndine. Ng'ombe ndapha ndekha ndi feteleza, dzina lanu ndaliipitsa ndine. Mabedi athu onse tengani, ife chaka chino tilima chimanga chokha."

Sanadzuke msanga. Anamaliza kaye kubzala imene inali m'manja. Kenako anati, "Dzuka, Naphiri, ukudetsa nsalu. Za ng'ombe ndamva, pepani alamu. Mbande zanu sindikuzifuna. Mukapanda kulima fodya, wophunzira wanu uja adya chiyani kusukuluko?"

Bambo ako anati, "Alamu, mwanayu tibwera naye."

Iwo anati, "Musabwere naye. Pobwera ndi khasu anabwera yekha."

Ndinayembekeza kuti anena zina, kuti atukwane, kuti atchule za bwalo la milandu, koma anatembenuka nkuwerama pabedi lawo. Tinaima pamenepo ngati alendo osochera mpaka bambo ako anandikoka dzanja.

Ndili m'njira ndi pamene ndinazindikira chimene chinandibaya. Iwe sudziwa, kapena unamva uli mwana nkuiwala, kuti dzina lakoli anakupatsa ndi iwowo. Unabadwa wofooka, osalira bwino, anthu akunong'onezana panja, bambo ako ali ku esiteti. Amalume ako analowa tsiku lotuluka m'chikuta, nakunyamula, nati uyu ndi Limbani. Kuyambira tsiku limenelo ine sanandiitanenso Naphiri. Zaka zonsezi, ngakhale pamene tinkanyozana za ndowa, ankati amake Limbani. Lero anditcha Naphiri, iwe nkukutcha wophunzira wanu uja. Azakhali ako akuti chichitikire zimenezi dzina lako silinatuluke pakamwa pawo.

Sindingakukoke ndi chingwe, wakula, ndevu zayamba. Tsiku limodzi lochedwa sukulu sikakuthamangitsa, ukawauze kuti kwanu kunagwa zovuta, ndipo sukhala ukunama. Esinati ndamuuza akupatse ya minibasi. Usadzere kunyumba kuno, ndilibe choti ndikuuzenso. Ukatsike pamphambano ya kudimba, amalume ako amayamba kuthirira dzuwa lisanatenthe. Usatenge mphatso, usatenge mnzako wokulankhulira. Akakusiya chogwada, khala chogwada. Akakupatsa kheni, thirira.

Mawa m'mawa padepoti pakhala basi yoyang'ana kummwera, ya ku Lilongwe, ndi minibasi yoyang'ana kumpoto, yobwera kuno. Ukakwera ya kummwera ndidzangomva kwa Esinati, ndipo ndidzakupemphererabe, pakuti ndinakubala ndine. Koma ine mawa ndikakhala kudimba kwathu, pamene ndimaonera bwino mphambano ija.

Ndine mayi ako wokukonda, ngakhale mutu uli balala,
Naphiri